Atsibweni Anaonekera pa Chinsalu

Ku Ntengo-Wambalame mwezi wa Julho sucheza ndi munthu. Nkhungu imatsika m'mapiri m'mamawa n'kukhala pakhomo mpaka dzuwa litakwera, madzi a mumtsuko amaluma mano, ndipo agalu enieniwo amachita ulesi kuuwa alendo. Munali m'mwezi woterewu, chaka chachitatu chitsekere nkhondo misewu, pamene koluna ya magalimoto operekezedwa ndi asilikali inatula pamsika bambo wina wamfupi wa ku Beira, dzina lake Afonso. Anatsika ndi mabokosi anayi, jeradoro yopangira magetsi, ndi chinsalu choyera chopindapinda.

Afonso sanali wa boma, sanalinso wa mpingo. Iye ndi anzake angapo, ena anamwino, ena aphunzitsi, wina wa kunjanji, ankajambula mafilimu afupiafupi ndi timakina tawotawo, aliyense komwe nkhondo inamupeza, n'kumatumizirana. Nyengo yozizira ikafika, anthu atakolola, iye ankasonkhanitsa mafilimuwo n'kuyenda nawo kulikonse komwe koluna ingamufikitse. Kwathu anati akhala masiku atatu, Lolemba mpaka Lachitatu.

Akomandante a asilikali anakana zoonetsa usiku, poti kuwala ndi kulira kwa jeradoro kukanaitana anthu a kutchire. Choncho sinema inalowa masana m'nyumba yaikulu yosungiramo mbatatesi. Pakhomo sankalipiritsa. Wolowa aliyense ankangovula gombeza lake n'kulipereka kuti atsekere mazenera ndi ming'alu ya m'malata, mdima ukwane. Ndiye taganizani, anthu odzaza nyumba, mu Julho, opanda chofunda. Amene anali ndi womuganizira pafupi anaiwala kuzizira, enafe tinaonera mafilimu mano akugundana.

Emília anapereka gombeza lake osadandaula. Amuna anakhala mbali yawo, akazi mbali yawo monga kutchalitchi, koma pakati panali kanjira kopapatiza, ndipo tsidya la kanjirako kunakhala Zeferino, mphunzitsi wa pasukulu yathu. Awiriwa anali atakondana chaka ndi theka. Mudzi wonse unkadziwa, kungoti aliyense ankachita ngati sakudziwa polemekeza a Januário, bambo ake a Emília.

A Januário anali mkulu wa mpingo, munthu wa ng'ombe zake ngakhale nkhondo inali itazipungula. Analibe chifukwa ndi Zeferino. Ankamupatsa moni bwinobwino n'kumamutcha a profesoro. Koma Zeferino kwawo kunali ku Chidzolomondo, ku Macanga, ndipo chitsekere msewu anali asanalandireko ngakhale kalata imodzi ya abale ake. Atatuma mphunzitsi mnzake kukafunsira ukwati, a Januário anayankha mwaulemu koma mosapita m'mbali.

"Mnzake wa pantchito si nkhoswe. Mawa boma likamusamutsa, ine ndikadandaula kwa yani? Ndione amalume ake, ndimve mawu awo. Julho akatha ndisanawaone, ndilandira ng'ombe za kwawo kwa Luciano, amenenso akumufuna mwana wanga."

Tsiku limene sinema inayamba, Julho anali atatsala ndi masabata awiri.

* * *

Tsiku loyambalo anaonetsa filimu ya amayi ophika mchere m'mbali mwa nyanja yaikulu, ndi ina ya wometa wa ku Beira amene ankameta anthu ndi chibenthu cha botolo chifukwa malezala anasowa. Mafilimuwo analibe mawu. Afonso ankafotokoza m'Chipwitikizi, koma anthu sanamudikire, aliyense ankaikamo mawu akeake mpaka nyumba yonse kugwa nacho chiseko.

Potuluka panali chipwirikiti cha magombeza, aliyense kufunafuna lake pamulu. Mpata wa okondana unali womwewo.

"Lako ndi ili, kapena ndanyamula la eni?" anafunsa Zeferino.

"Langa lili ndi chigamba chofiira pakona. Chaka chonsechi mumayang'ana chiyani mukandiona?"

"Zigamba ayi."

Emília anaseka, koma atamuyang'anitsitsa anaona kuti maso ake ndi ofiira.

"Mwatani?"

"Afonso wandionetsa kachitini ka filimu ya Lachitatu. Sanajambule ndi iye. Anajambula namwino wina, Cecília, ku Furancungo, pakati pa anthu othawa nkhondo. Anawaimika mmodzimmodzi kuti aliyense apereke uthenga kwa m'bale wake amene anatayana naye, mawuwo n'kuwasunga pa kaseti. Pa chivundikiro pali mayina." Anatsitsa mawu. "Número doze, pa munthu wa khumi ndi chiwiri, palembedwa kuti Cândido wa ku Chidzolomondo, kwa mphwake Zeferino, profesoro."

"Atsibweni anu aja?"

"Ali moyo, Emília."

Emília anafuna kumugwira dzanja, koma panali anthu, choncho anangofinya gombeza lake pachifuwa. Anakondwa mpaka misozi inalengeza.

"Anena zotani?"

"Sindikudziwa. Afonso Chichewa samva, ndipo wakana kunditsegulira ndekha. Akuti akatsegulira mmodzi, mudzi wonse ufola pakhomo pake, gazolina n'kutha lisanafike Lachitatu. Mapilya, mabatire a kaseti, nawonso alibe. Uthenga timvera limodzi tonse, kamodzi kokha."

Anayenda pang'ono, motalikirana monga anthu ongokumana panjira. Atafika pamtengo wa mapichesi wopanda masamba, pomwe njira zawo zinkasiyana, Emília anaima.

"Ababa anati awaone amalume anu ndi kumva mawu awo. Sananene kuti awagwire chanza."

Zeferino anamuyang'ana kanthawi, kenaka anamvetsa.

"A Januário ku sinema? Iwe, munthu amene amati gitala ndi ya zidakwa?"

"Zimenezo ndisiyireni ine ndi azakhali. Chokhacho, bwenzi mutayamba mwamva nokha zomwe zili pa kasetiyo."

"Atsibweni anandilera okha bambo atamwalira. Anganene chiyani choipa za ine?"

Emília anatsazika n'kulowera njira ya kwawo.

* * *

Lachiwiri Luciano anabwera ndi magombeza awiri atsopano ochokera ku Malawi, komwe banja lake linabisa ng'ombe zawo nkhondo itayandikira. Limodzi anapereka pakhomo monga aliyense, linalo analikoleka paphewa kuti anthu alione. Sanali munthu woipa Luciano. Vuto lake linali loti kuyambira ali mwana sanamvepo mawu oti ayi, ndiye akawamva ankayesa kuti munthu akungochita manyazi.

Anamupeza Emília pamzere wa akazi.

"Funda ili. Milomo yachita kuuma ndi mphepo."

"Zikomo, sindikuzizidwa."

"Ukunjenjemera ndikuona."

"Ndi chimwemwe."

Atsikana a kwaya omwe anali naye anabisa nkhope m'manja. Luciano anamwetulira monga sizinamukhudze, n'kuyandikira kuti ena asamve.

"Ndamva kuti abale a profesoro abwera m'kachitini. Zabwino zimenezo. Koma ndikufunse, Emília. Mwamuna wa trinta anos, zaka makumi atatu zathunthu, wa maphunziro ake, wa malipiro a boma, kwawo anachokako wopanda womulirira? Unayamba wamufunsapo?"

"Anandiuza kuti sanakwatirepo."

"Ine sindinati anakwatira."

Mzere unasuntha ndipo Emília analowa. Tsiku limenelo kunali filimu ya sitima yoima pasiteshoni miyezi isanu, anthu mpaka kudzala tomato m'mbali mwa njanji, koma iye sanaitsatire bwino. Anakwiya ndi Luciano, anadzikwiyiranso yekha kuti mawu a munthu wansanje amulowa. Atayang'ana tsidya la kanjira anaona Zeferino akuseka ndi mtima wonse, kuwala kwa chinsalu kuli pankhope, ndipo mtima wake unakhala pansi.

* * *

Mayi ake a Emília anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo amene ankamuyankhulira pa nkhani zolemera anali azakhali ake, a Paulina, mlongo wawo wa a Januário. Madzulo a tsikulo, ng'ombe zitalowa m'khola, a Paulina anakhala pa mpando pafupi ndi achimwene awo, Emília atagwada chapatali.

"Sinema ndi masewera a ana," anatero a Januário atamva nkhaniyo.

"Achimwene, munanena pamaso panga kuti muwaone amalume ake. Abwera."

"Abwera kapena chithunzi chawo chabwera? Mwana wanga akadzazunzidwa ndidzapita kukagwada pa chinsalu?"

"Msewu mwautseka ndinu? Anthu akufa pa msewu umenewo. Nkhalamba iponde mabomba chifukwa inu simufuna kukhala mumdima ola limodzi?"

A Januário anatokosa moto nthawi yaitali. Mkaziyu anali yekhayo m'mudzi monse amene ankatha kuwayankhula choncho, ndipo iwo ankadziwa kuti akakana, nkhaniyi aimva mpaka Khirisimasi.

"Iwe Emília, ukumufunadi munthu ameneyu?"

"Inde, ababa."

"Ngakhale alibe ndi mbuzi yomwe?"

"Inde, ababa."

"Chabwino. Ndipita. Ndikakaona kuti ali ndi kwawo, ndipo pali munthu wamkulu womuyankhira, a kwa Luciano ndiwabweza. Ndidikira mpaka msewu utseguke, kaya ndi chaka."

Emília anawomba m'manja mwaulemu n'kudzuka. Atazungulira kuseri kwa nkhokwe anavina yekhayekha, mapazi ali pa dothi lozizira.

* * *

Lachitatu nyumba inadzaza kuposa masiku onse, chifukwa mbiri inali itamveka kuti filimu ya tsikulo ndi ya anthu oyankhula ngati ife. Kunabwera ndi a m'midzi yakutali omwe anali ndi abale ku Macanga. A Januário anafika atavala kazako wawo, jekete la pa Mgonero. Mnyamata wa pakhomo anachita mantha kuwapempha gombeza, koma iwo analivula okha, kulipinda bwinobwino, n'kupereka. Anawapatsa mpando kutsogolo.

Jeradoro inalira, chinsalu chinayera, kenaka kunaoneka khoma la njerwa ndi mthunzi wa mtengo. Afonso anadina kaseti. Mawu ankatsalira pang'ono m'mbuyo mwa milomo, koma palibe amene anaseka.

Woyamba anali mayi wofunafuna mwana wake wamkazi amene anakwatiwa ku Ulongwe. Wachiwiri anali mnyamata wouza bambo ake kuti njinga ija anamulanda koma iye ali bwino. Wachisanu atangotchula dzina lake, mayi wina kumbuyo kwathu analira mokweza, anzake n'kumugwira. Anali mchimwene wake amene anamulira maliro chaka chathachi. Anthu a pa chinsaluwo ankaima mowongoka, manja m'mbali, ena atabwereka malaya kwa amene wangomaliza kuyankhula, moti malaya amodzi amizeremizere tinawaona kanayi.

Emília ankawerenga ndi zala. Khumi, khumi ndi mmodzi.

Kunabwera bambo wamtali, wowonda, wa imvi, chipewa chili kumutu. Anayang'ana kumbali ngati akufunsa ngati ayambe, kenaka anakonza kukhosi.

"Zeferino, mphwanga, ndine tsibweni wako Cândido. Tidamva kuti boma lidakutumiza cha ku Tsangano. Ngati uli moyo, mawu anga akupeze. Ife mudzi tidauthawa, tili kuno ku Furancungo. Mayi ako alipo, maso okha ndiwo avuta. Amakutchula tsiku ndi tsiku. Ndiwe mwana womvera iwe, sudatichititsepo manyazi, ndipo kulikonse uliko anthu akusunge ngati mwana wawo."

Tsidya la kanjira Zeferino anali ataweramitsa mutu, mapewa akugwedezeka. Kutsogolo a Januário anagwedeza mutu kawiri, pang'onopang'ono, monga ankachitira mlaliki akalasa penipeni. Emília anafinya dzanja la azakhali ake mpaka iwo anamutsina kuti awasiye.

Ndiye bambo wa pa chinsalu uja anavula chipewa.

"Koma mkulu wako Bento tidamuika mwezi wa Janeiro. Adabwerera kumudzi kukatenga chimanga chomwe tidakwirira, n'kuponda bomba panjira ya kudambo. Sadavutike nthawi yaitali."

A Cândido anakodola munthu wina ndi dzanja. Chithunzi chinagwedera, kenaka pambali pawo panaima mayi wachitsikana, wakhanda kumsana, kamtsikana ka zaka ngati zisanu ndi chimodzi katagwira nsalu yake.

"Maliro tidamaliza, kumeta tidameta. Tidakhala pansi mbali zonse ziwiri, ndipo tidagwirizana kuti mlamu wako Celeste ndi anawa asapite kwa mlendo. Chokolo ndi chako. Mwini wakeyu wavomera pamaso pa abale ake. Ndiponso iwe ukudziwa wekha kuti khomo limeneli si lachilendo kwa iwe. Kwa ife ndiwe mwamuna wake kuyambira tsiku lomwelo. Ukapeza njira, bwera."

Mayi uja anakonza duku lake, anakweza maso n'kuyang'ana molunjika, kenaka anamwetulira pang'ono chabe. Amuna ambiri sanakuone kumwetulirako. Emília anakuona, ndipo anadziwa kuti si nkhope ya mkazi amene akumukankhira kwa mlamu wake mokakamiza.

"Kamtsikanako mphumi ngati ya a profesoro," ananong'ona a Paulina.

"Ndi mwana wa akulu awo, azakhali."

"Inde, n'zoonadi."

Filimu siidikira munthu. Pa chinsalu panabwera kale wina, wa khumi ndi chitatu, akufunsa za mkazi wake. Zeferino anadzuka, napita kukhomo akupunthwa pa miyendo ya anthu. Atatsegula chitseko kuwala kwa masana kunalowa n'kufafaniza chithunzi chonse. Masiku ena munthu wotere ankamukuwiza, koma tsikuli anthu anangodikira kuti atseke.

* * *

A Januário anakhala mpaka filimu inatha, chifukwa sanali munthu wotuluka pakati pa mawu a anthu ena. Atalandira gombeza lawo anamupeza Zeferino atakhala pa mwala kuseri kwa nyumbayo. Emília ndi azakhali ake anaima pakona, pomwe ankatha kumva.

Mkuluyo anavula chipewa nakhala pansi pambali pake.

"Pepani ndi zovutazi, a profesoro. Mulungu akulimbitseni. Anali wamkulu kwa inu ndi zaka zingati?"

"Zitatu, bambo."

"Zaka zochepa. Ndiye kuti munakulira mphasa imodzi."

Kenaka a Januário anavalanso chipewa.

"Nkhani inayi ndikanaisunga mpaka mutapuma, koma yamveka pa gulu, ndiye ndiyankhe lero lomwe anthu asanaiwonjezere. Ndinapempha kuona amalume anu. Ndawaona, ndi munthu wolongosoka. Ndinapempha kumva mawu awo. Ndawamva, ndipo theka la mpingo wanga lawamva nane."

"Bambo, ine sindinavomere. Sanandifunse n'komwe."

"Sindikutsutsa. Koma mundimvetse. Mukawakana ana amasiye aja pakati pa nkhondo ino, ine mwana wanga sindingamupereke kwa munthu wotaya magazi a mkulu wake. Mukawatenga pamodzi ndi mayi wawo, ndiye kuti muli ndi mkazi, ndipo pakhomo panga mitala tinaisiya nthawi ya agogo anga."

"Nanga nditani, bambo?"

"Amene anamanga ndi amene angamasule. Amalume anu akakumasulani ndi pakamwa pawo, mayiyo n'kuvomera, ana n'kupezeka powasamalira, mubwere nawo kuno amalumewo ndi miyendo yawo. Za pa chinsalu zandikwana." Anadzuka n'kusasa fumbi. "Ndinanena za kutha kwa Julho. A kwa Luciano ndinawauzanso chimodzimodzi. Sindichotsapo tsiku, koma sindingawonjezerenso."

Podutsa pakona sanamuyang'ane mwana wawo. Anangouza a Paulina kuti asachedwe naye.

* * *

Zeferino anaiwala gombeza lake pamulu paja. Dzuwa litapendeka Emília analitenga n'kupita nalo kunyumba za aphunzitsi, azakhali ake akumutsatira chapatali n'kukakhala pa chitsa monga munthu wongopuma. Anthu obwera kudzapepesa anali atayamba kubalalika. Emília anaima pakhomo, osalowa.

"Mwasiya ili."

"Zikomo." Analilandira koma sanafunde.

"Pepani ndi imfa ya achimwene."

"Anandiphunzitsa kupalasa njinga. Anandigwetsera mu lunguzi (anaseka pang'ono, misozi ili m'maso) n'kundiuza kuti ndikanena kwa amayi sadzandibwerekanso. Miyezi isanu ndi umodzi ali m'manda, ine ndikudya ndi kuseka kuno."

"Simunadziwe."

"Sindinadziwe."

Emília anayang'ana pansi. Chimene chinkamudya anachinena.

"Ndine ndinawaitana ababa. Mukanamva nokha, bwenzi mutaganiza mofatsa, n'kupeza njira anthu asanadziwe. Ndaononga ndine."

"Unandiuza kuti ndiyambe ndamva. Ndinanyozera ndine." Anapukuta kumaso. "Emília, koluna inyamuka mawa m'mawa, idzera ku Ulongwe mpaka ku Furancungo. Adiretori a pasukulu andilembera giya, kalata ya ulendo wa ku maliro. Ndipita."

"Pa msewu umenewo?"

"Afonso wadutsapo kawiri, ali moyo. Ndikaone amayi. Ndikagwade kwa atsibweni, ndiwauze kuti ana ndiwalera ndi kuwaphunzitsa, koma mkazi ndili naye kale mumtima. Ndibwera nawo kuno ngakhale kuwabereka kumsana."

Mawuwo anamukoma Emília, ndipo anawakhulupirira. Komabe funso lina linali pakhosi pake chituluke m'nyumba ya mbatatesi muja. Analibweza, poti munthu sumufunsa zotere tsiku lomwe wamva imfa ya m'bale wake. Azakhali anakhosomola pa chitsa paja, ndipo iye anatsazika.

* * *

Lachinayi kunacha ndi nkhungu yoti munthu sungaone mnzako ali pa mtunda wa khasu. Magalimoto asanu ndi awiri anali atandanda pamsika, la asilikali kutsogolo, lina kumbuyo. Afonso ankamangirira mabokosi ake pa matumba a mbatatesi. Emília anachoka kunyumba ndi ndowa ngati wopita kumadzi, m'ndowamo ataikamo mbatata zootcha ndi nyemba zokulunga pa kansalu za amayi ake a Zeferino.

Asanamupeze anaima pa galimoto lachitatu, pomwe woyendetsa ankathira madzi otentha mu injini.

"Bom dia, bambo. Koluna imeneyi ibwerera liti?"

"Kuno? Kumapeto kwa Agosto, ngati Mulungu alola ndipo mlatho ulipo."

"Palibe ina pakatipa?"

"Mayi, iyi yomwe tinaidikira miyezi iwiri."

Zeferino anali atakwera kale pamwamba pa matumba. Atamuona anatsika. Emília anamupatsa kamtolo kaja, manja awo n'kukhudzana, onse ozizira.

"Akuti Agosto," anatero Emília.

"Ndamva. Pobwera sindidikira koluna. Tidzera m'malire, wapansi, kulowa ku Malawi n'kutulukira kuno. Anthu amayenda masiku asanu."

"Ndi nkhalamba ija?"

"Ndi yolimba kuposa mmene yaonekera."

Kutsogolo msilikali anaimba wezulo. Injini zinayamba kulira imodziimodzi. Emília anadziwa kuti akapanda kufunsa tsopano, adzagona nalo funsolo masiku onse otsalawo, ndipo mwina moyo wake wonse.

"A Zeferino, atsibweni anu anati khomo lija si lachilendo kwa inu. Amatanthauza chiyani?"

Zeferino anayang'ana kamtolo kali m'manja mwake. Sananame, ndipo Emília anadzamuyamikira pa chimenecho pambuyo pake, ngakhale panthawiyo akanakonda bodza.

"Celeste ndinayamba kumufunsira ndine. Tinali ana. Kenaka ananditenga ku maphunziro a uphunzitsi ku Tete, chaka chathunthu osabwera, makalata osafika. Pobwerera ndinapeza ali pa banja ndi achimwene, mwana ali m'manja. Sindinakangane ndi munthu. Ndinapempha boma kuti linditumize kutali."

"Chifukwa chiyani simunandiuze?"

"Ndinkayesa kuti zinatha."

"Mukumukondabe?"

"Ayi. Zimenezo ndikutha kulumbira pamaso pa bambo ako ndi pa Baibulo lawo."

Galimoto lakutsogolo linanyamuka. Afonso anaitana kuchokera pamwamba, akutambasula dzanja. Zeferino anaponda tayala, koma Emília anagwira mkono wa malaya ake.

"Kamtsikana kaja, kakakulu kaja. Ndi ka a Bento?"

Zeferino anatembenuka. Nkhope yake inali yotopa ngati ya munthu amene wayenda kale ulendo wonsewo.

"N'zimene ndikupita kukafunsa."

Emília anamusiya mkono. Afonso anamukokera pamwamba, galimoto linagwedezeka n'kuyamba kuyenda, ndipo lisanafike ndi pa mtengo wa mapichesi pomwe nkhungu inali italimeza. Iye anatola ndowa yake napita kumadzi, chifukwa kunyumba ankadikira madziwo.